Kadontho Kobiriwira pa Bering'i

M'tawuni ya Madou aliyense amene anakwerapo njinga yamoto amawadziwa a Chien Wan-lai, ndipo ambiri anawadziwa atakalipidwa. Munthu akabwera ndi njinga yoti oyilo anatha kalekale, a Chien sankataya nthawi ndi moni. Ankangomufunsa ngati kwawo amakazinga nsomba m'chiwaya chouma. Anthu ankachoka akung'ung'udza, koma ankabweranso, chifukwa injini imene yadutsa m'manja mwa mkuluyo inkaiwala kudwala.

Anabadwira m'banja lolima manyumwa, koma munda unali wochepa ndipo pakamwa podyetsa panali pambiri. Asanamere ndevu, bambo awo anawakweza basi kuti akaphunzire ntchito ku Tainan. Chaka choyamba sanagwire n'komwe sipanala. Ankasesa, kubereka mwana wa abwana, ndi kutsuka zitsulo m'palafini mpaka manja anada osayeranso. Amakaniko timawatcha anthu a manja akuda, ndipo a Chien dzinalo ankalinyadira kuposa mmene ena amanyadirira digiri.

Chimene anachigwiritsa kumeneko ndi nkhani ya mpata. Pakati pa kiranki, chitsulo chimene chimazungulira m'mimba mwa injini, ndi mabering'i amene chimagonapo, pamayenera kutsala kampata kochepa kuposa tsitsi, ndipo m'kampatako ndi mmene mumakhala oyilo. Kakakula, oyilo amathawa ndipo injini imagogoda. Kakachepa, oyilo salowa, chitsulo chimaluma chinzake, tayala lakumbuyo n'kuuma gwa njinga ili pa liwiro. Poyeza amagoneka kaulusi ka pulasitiki pakirankipo, n'kumanga mabawuti, n'kumasulanso. Kaulusiko kamaphwatalala, ndipo kutambalala kwake amakufananiza ndi timizere ta pa kapepala kamene kamabwera nako. Tsiku lina ali mnyamata anazunguza kiranki ulusi uli m'kati, n'kuononga muyeso. Abwana awo anawagogoda ndi sipanala pa mfundo za zala, ndipo chala chapakati chinapindika mpaka lero.

Atabwerera kwawo anatsegula galaja pansi pa nyumba, iwo n'kumagona pamwamba. Anakwatira, nabereka mwana mmodzi, Chiu-yen. Mkazi wawo atamwalira, mwanayo anayamba nyimbo imodzi yomwe sankaisintha. Chiu-yen amagwira ntchito ku Taoyuan ndipo amakhala m'nyumba zosanja zija zoti ukasuzumira pansi umachita chizungulire. Si mwana woipa, tisamunamizire. Vuto lake anatengera liuma la bambo ake.

"Ababa, chipinda chanu chilipo, bedi tinagula. Tsiku limene ndidzamve kuti ntchito yayamba kukukanikani, galaja tikutseka, mukubwera kuno. Sindikufuna kudzamva pafoni kuti mwapsa ndi petulo muli nokha."

A Chien anakakhalako sabata imodzi pa Chaka Chatsopano. Anali ngati nkhuku ya m'dengu. Ana akapita kuntchito panalibe wowalankhula, panalibe chomasula ngakhale chomanga, ndipo manja anayamba kuyera. Pobwerera analumbira ali m'sitima kuti kumeneko adzapitanso atafa, ali phulusa m'mtsuko.

Chimene Chiu-yen sankadziwa n'chakuti tsiku limene ankalinenalo linali litafika kale. Matenda a shuga anali atawalowa m'maso. Poyamba ankati ndi nyali ya m'galaja, naisintha. Kenako ankati ndi magalasi, nawasintha. Dokotala wa ku Tainan, kumene a Chien anapita mozemba ngati akukaba, sanawabisire mawu: kuchedwetsa n'kotheka, koma zimene zapita sizibwerera. Pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana panali utsi, ndipo mitundu yonse yodera inasanduka umodzi, mtundu wa matope. Sanauze munthu. Tayala, mabuleki, tcheni, zimenezo manja ankazidziwa okha. Iwo ankazindikira anthu ndi mawu ndi kaliridwe ka njinga zawo. Chaka chinatha akupusitsa tawuni yonse, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka ndi mantha akuti lero ndagwidwa.

Kazitape anali pakhomo pomwe. Mayi A-kim, amene amagulitsa mikate ya mpunga khomo loyandikana ndi galaja, anakulira limodzi ndi a Chien ndipo amatukwanana nawo chiyambire ali ana. Lamlungu lililonse Chiu-yen ankawaimbira foni, ndipo mayiwo ankamukhuthulira zonse, mpaka kuchuluka kwa mpunga umene bambo ake asiya m'mbale.

Manyumwa atayamba kupsa kunabwera Yu Cheng-ta, woyendetsa lole, akukankha chinjinga chakale cha masilinda anayi chimene anagula ku Chiayi. Thukuta linali kamukamu.

"Malume, ndazungulira Tainan yense. Onse akuti zipangizo zake anasiya kupanga kalekale. Akuti ngati alipo amene angachidzutse, ndi inu."

"Amene anakugulitsa chimenechi ndi m'bale wako?"

"Ayi, malume."

"Ndiye bola. Ndimati mwina kwanu mumaberana pachibale."

"Ndikufuna pa Chikondwerero cha Mwezi ndidutse nacho m'mapiri mpaka ku Taitung."

A Chien atangomva kugogoda kwa injiniyo anadziwa kuti ndi mabering'i, ndiponso kuti ntchito yake ndi ya maso. Mawu okana anali atafika pamilomo. Koma A-kim anali ataima pakhomo pake, chipande m'manja, khutu lili tcheru.

"Wan-lai, uchitha chimenecho? Wakalamba iwe. Asiyire anyamata a makompyuta."

"Ndakalamba ine? Iwe ukugulitsabe mikate yomwe unaphika chaka cha chigumula, wakuletsa ndani? Lowetsa muno, mnyamata."

Pakamwa ndi pamene panawagwetsera m'mbuna.

Kuphwasula injini sikunawavute. Kiranki inali yabwinobwino, koma mabering'i anali atadyeka. Pa kiranki ndi pa chigoba cha injini fakitale imalemba timanambala ndi tizilembo touza makaniko bering'i yofunika pamalo alionse. Apa a Chien anachita ukathyali. Cheng-ta atabwera kudzasuzumira, anamukodola.

"Tawerenga apa, tione ngati makolo ako sanataye ndalama kusukulu."

Mnyamatayo anawerenga akuseka, osadziwa kuti wabwereketsa maso. A Chien anawerengera m'mutu. Malo ena onse ankafuna mabering'i achikasu. Malo apakati okha ankafuna obiriwira.

Mabering'i a injini zotere ndi tizigamba tachitsulo topindika ngati chikhadabo, tiwiri pamalo amodzi. Pokhudza n'tofanana, koma timasiyana kunenepa, ndipo kusiyanako palibe chala chingakumve. N'chifukwa chake fakitale imadontheza penti m'mphepete, kadontho kochepa ngati nthata. Kabuluu ndiye konenepa kwambiri, kenako kakuda, kofiirira, kobiriwira, mpaka kachikasu komwe n'kopyapyala. A Chien anali nato todzaza chitini cha mabisiketi. Kale kalikonse kanali m'kabokosi kake, koma chaka chija madzi anasefukira m'misewu ya Madou timabokosi tonse tinasanduka phala. Tizigambato anatitsuka, natipaka oyilo, natithira pamodzi. Nthawi imeneyo maso analipo, ndiye ankati vuto lili pati.

Tachikasu anatitola mosavuta, chifukwa chikasu chinkawalabe pang'ono. Totsalato tinali matope okhaokha.

Anatuluka nato padzuwa. Anatenga galasi lokulitsa zinthu, koma linangokulitsa utsi womwewo. Anawalitsa tochi. Misozi inatuluka, kadontho osasintha. Ndiye anati bola ulusi, ulusi sunama. Anasankha tiwiri, nagoneka kaulusi, namanga mabawuti mpaka sipanala inalira kuti tha, namasula. Ulusi unali utaphwatalala ndithu, koma pachitsulo chonyezimiracho sankaona pamene wayambira ndi pamene wathera. Timizere ta pakapepala tinkasambira. Anafufuza ndi chikhadabo, n'kuupala ulusiwo. Anayambiranso, n'kuyambiranso, mpaka msana unakana. Anathira oyilo n'kuzunguza kiranki ndi dzanja, ndipo inazungulira myaa ndi tizigamba tilitonse timene anaika. Zimenezo sizinawasangalatse. Chitsulo chozizira chimanama, choona chimatuluka chikatentha pamtunda.

Madzi anafika m'khosi. Chakudya chinasiya kulowa. Kubweza injini ili yophwasula kunali kuuza tawuni yonse, ndipo tawuni ikamva, Taoyuan yamva.

Safunsa anadya phula. Mwambiwo ankaudziwa, iwo omwe ndi amene ankanyozera nawo anzawo. Masana ena A-kim analowa ndi mbale ya mkate, ndipo a Chien anali ndi kachigamba m'dzanja. Anatambasula dzanjalo pang'ono.

"A-kim, taona..."

"Chiyani? Idya kaye, wawonda ngati nsungwi. Dzulo mwana wako amandifunsa kuti ababa ali bwanji. Ndinati ali ndi chinjinga cha mwini wake, akuchiyang'anitsitsa ngati akufuna kuchifunsira. Ndione chiyani?"

"Palibe. Mkate wako wachepa mchere."

"Pakamwa pakopo ndiye pachepa mchere, galu wokalamba iwe."

Anafumbata dzanja mpaka chitsulo chinawadinda m'chikhatho.

Mawa lake anakwera basi kupita ku tawuni ina kumene sadziwika. Pamalo odikirira basi anapeza munthu atakhala, namupatsa moni mwaulemu umene a ku Madou sanaumvepo kwa iwo. Anamupempha kuti awaonere mtundu wa kadontho. Munthuyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, mwalakwitsa khomo. Ine ndikudikira mdzukulu wanga kuti adzandiuze nambala ya basi."

Wachiwiri anali mayi wachitsikana, amene ataona mkulu wa manja akuda akumutulutsira zitsulo m'thumba anakumbatira chikwama chake n'kusuntha. A Chien anabwerera ndi manyazi okhaokha.

Kumapeto kwa msika kuli kachisi wamng'ono wa Agogo Mwininthaka, mulungu woyang'anira deralo, pansi pa mtengo wa kachere. A Chien ankalemekeza Agogo monga aliyense, koma ankaseka anthu opita kukafunsa manambala a juga kapena njinga yoti agule. Ankati Agogo sanagwirepo sipanala. Kutatsala masiku ochepa kuti chikondwerero chifike, anapita kumeneko masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anthu onse amakhala akugona. Anayatsa lubani, naika nyumwa paguwa, nagwada.

"Agogo, ndine Chien Wan-lai, wa galaja ya kuseri kwa msika. Ndakhala ndikulankhula zopusa, mundikhululukire. Inu maso muli nawo. Kachigamba aka n'kobiriwira?"

Anaponya timatabwa tiwiri tofiira timene anthu amafunsira nato Agogo, poti yankho limadziwika ndi mmene tagwera. Momwe tagwera sankaona, ndiye anachita kukwawa n'kumafufuza pansi ndi manja. Tonse tinali chagada. Agogo anali akuseka. Anatulutsa kachigamba kena, naponyanso. Tonse chafufumimba, Agogo akana. Pa kachigamba kachitatu, kathabwa kamodzi chagada kena chafufumimba, ndiye kuti eya. Anaponyanso, eya. Anaponyanso, eya. Katatu motsatizana. Anakaika m'thumba la kumanja.

Kachiwiri ndiye kanavuta. Anatulutsa, Agogo akana. Anatulutsa, Agogo aseka. Maondo anali moto, thukuta likulowa m'maso. Potsiriza kena kanalandira eya. Nkhani yaikulu imafuna eya katatu motsatizana, zimenezo ngakhale mwana amazidziwa. A Chien anatola timatabwa, natigwira pachifuwa nthawi yaitali, koma anaopa kuponyanso. Akanakana, m'thumba munalibe kena. Anatibwezera paguwa mwakachetechete, nathokoza, natuluka mothamanga ngati wangongole.

Injini anaimanga bwino, tisawachotsere. Bawuti iliyonse inalira pa nthawi yake. Ataitsiriza anakhala pampando n'kumadziuza kuti Agogo sanganamize munthu wogwada. Akatero ankakumbukira kuseka kuja.

Tsiku la chikondwerero Chiu-yen anafika m'mawa ndi bokosi la makeke a mwezi. Anthu anali atayamba kutulutsa mbaula m'makonde, fungo la makala lili ponseponse. Cheng-ta anabwera dzuwa lisanakwere, ndipo sanabwere yekha.

"Malume, awa ndi akazi anga, Su-lan. Kwawo ndi ku Taitung komweko, tikukaona apongozi."

Za mkazi sananenepo. A Chien anangoona chithunzithunzi chachifupi chikuwerama.

Cheng-ta analiza njinga. Inadzuka kamodzi, n'kuyamba kung'ung'uza mosalala ngati mphaka wokhuta. A-kim anatuluka akupukuta manja.

"Ha! Galu wokalamba akulumabe!"

Chiu-yen anabwera kudzaima pafupi ndi bambo ake. Analankhula motsitsa mawu, mmene amachitira akafuna kupepesa osatchula mawu opepesa.

"Ababa, mwina ndinafulumira. Ngati mukutha kudzutsa zoterezi, khalani. Nkhani ya Taoyuan ndaisiya."

Ndi mawu amene anawalakalaka kuposa chilichonse. Anafuna kulira ndi chimwemwe. Galaja inali yawo, masitepe opita pamwamba anali awo, ngakhale matukwano a A-kim anali awo. Chotsala kunali kungotseka pakamwa mpaka njinga ikhote pangodya.

"Malume," anatero Su-lan, "ine mapiri ndimawaopa, ndinati tikwere sitima. Koma awa akuti njinga ikadutsa m'manja mwanu, munthu ungathe kugona tulo pamsana pawo."

Anakwera kumbuyo. A Chien anamva lamba wa chipewa chake akutseka kuti khe. Msewu wa m'mapiriwo ankaudziwa, anauyendapo ali ndi mphamvu: mtunda wosatha, injini ikupsa, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Anthu awiri, katundu, ndi kachigamba ka eya mmodzi.

Anatambasula dzanja, napeza kiyi, nazimitsa injini, n'kumuzula.

"Tsikani."

"Malume, chavuta n'chiyani? Ikulira bwinobwino."

"Ndati tsikani. Mabering'i apakati sindinawayeze. Anasankha ndi Agogo Mwininthaka, ndi timatabwa."

A-kim anaphulika ndi phwete, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha, analeka.

"Sindikuona," anatero a Chien. Mawuwo anawatulutsa mokweza kuti asadzawabwerezenso. "Shuga wandidya maso. Chaka chatha ndikukunamizani nonse. Chobiriwira ndi chabuluu kwa ine n'chimodzi. Ulusi sindiuona. Mnyamata, tenga mkazi wako mukwere sitima. Njinga udzatenge mukabwerako."

Cheng-ta anatsika. Anayang'ana mkazi wake, nayang'ana mkuluyo, kenako anawerama kwambiri, ndipo awiriwo anapita. A-kim anabwerera kukhomo kwake akupukuta nkhope ndi epuloni, akutukwana utsi wa makala.

Chiu-yen sanakalipe, ndipo zimenezo zinawapweteka a Chien kuposa kukalipa. Anakwera pamwamba, natsika atavala malaya akale a mayi ake.

"Tiyeni timasule. Mundiuze poyambira."

Tsiku lonse la chikondwerero, anzawo akuotcha nyama m'makonde, awiriwo anali m'kati mwa injini. Manja anali a bambo, maso a mwana. Madzulo anafika pa mabering'i apakati. Chiu-yen anatizula tiwiri tija, natipukuta, napita nato pakhomo powala.

"Aka n'kobiriwira."

"Kenako?"

Chiu-yen anakatembenuza powala. "Kabuluu, ababa."

A Chien anakhala pansi pomwepo, pasimenti ya oyilo. Anayesa kuseka, nati Agogo akhoza theka, ku sukulu akanawakweza kalasi. Kusekako sikunapite patali.

Chiu-yen anakhuthula chitini patebulo ndipo kobiriwira anakapeza mosavuta, ngati munthu wotola nyemba yofiira m'mpunga. Bambo ake anagoneka ulusi, namanga, ndipo ataona kuti mwana wagwira kiranki anakuwa, "Usazunguze!" mpaka A-kim anamva kwake. Atamasula, Chiu-yen anaika kapepala pambali pa ulusi n'kuwerenga nambala. A Chien anamuuza kuti awerengenso. Anawerenganso. Mpata unali pakati penipeni, pamene iwo akanaufuna.

Imeneyo ndi injini yomaliza imene anamanga. Cheng-ta anadzaitenga atabwerako ku Taitung, ndipo mpaka lero ikuyenda.

Njinga itachoka, galaja inakhala zii. Chiu-yen anali atapempha masiku ena kuntchito kuti alongedze katundu wa bambo ake wopita ku Taoyuan. Anaima pakati pa zitsulozo, manja ali bii, n'kufunsa chimene chinkamudya chiyambire tsiku lija.

"Ababa, nkhope yanga mumaiona?"

A Chien anafuna kunama, chifukwa pakamwa panali patazolowera. Koma kunama kunali kutawatopetsa.

"Ayi. Ndimamva mawu ako. Tsiku lija umati ndikhale, ndinafunitsitsa kuona mmene ukuonekera ponena zimenezo."

Chiu-yen analira ngati kamwana, ndipo bambo ake anangoima osadziwa koika manja. Atatonthola anati makatoni achepa, apite limodzi akapemphe ena kumsika. Atafika m'mphepete mwa msewu, umene a Chien anauwoloka okha moyo wawo wonse, mwanayo anawagwira pachigongono. A Chien sanachotse mkono.